Pansi pa nyanja m'povuta kufikapo

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake anthu anaponda mwezi koma pansi pa nyanja yamchere sipadziwikabe bwino. Vuto lalikulu ndi kulemera kwa madzi. Ku Challenger Deep, malo ozama kuposa onse a pansi pa nyanja, m'nyanja ya Pacific, n'kozama mamita pafupifupi 11,000, ndipo madzi amapanikiza kuwirikiza ka 1,000 kuposa mpweya wa kumtunda kuno. Mu 1960 Jacques Piccard ndi Don Walsh anatsikirako m'chombo cha Trieste. Zenera lina linang'aluka ali m'njira, ndipo pansipo anangokhalapo mphindi 20, mumdima wa ndiweyani. Chinanso, uthenga wa wailesi umafika mpaka ku pulaneti la Mars, koma m'madzi amchere umazimirira pafupi pomwepo. Ineyo mtima wanga uli kunyanjaku, chifukwa nsomba ndi mvula yathu zimachokera m'madzi.