Tikupita ku Livingstone anthu 6, ndalama tiziyendetsa bwanji?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Iye ndi anzake asanu omwe anaphunzira nawo ku sekondale akufuna kukaona mathithi a Victoria Falls mu Disembala. Anayi amakhala kuno kumudzi, mmodzi ali ku Johannesburg, wina ku Leeds, ku Britain. Akufunsa kuti: "Kodi tisonkhe ndalama zonse pamodzi, kapena aliyense azilipira zake? Ulendo wathu wa ku Mangochi tinabwerako osalankhulana chifukwa cha bilu ya chakudya."

Achemwali, ku Mangochi munakanganirana chambo ndi zakumwa, koma nonse munkawerenga kwacha imodzi. Ulendo uno chimene chingakudanitseni ndi mtengo wosinthira ndalama. Mukangodutsa pa Mchinji n'kulowa pa Mwami, kwacha yathu yathera pomwepo. Ku Chipata, ku Lusaka mpaka ku Livingstone muzigwiritsa ntchito kwacha ya Zambia, yomwe ndi dzina lokha lofanana ndi yathu. Malo ambiri ogona alendo ndi zosangalatsa za pa Zambezi amatchula mitengo m'madola a ku America. Mukawoloka mlatho wa pafupi ndi mathithiwo kupita mbali ya Zimbabwe, dola ndiye mwini bwalo, ngakhale dzikolo linayambitsa ndalama yake ya ZiG mu Epulo 2024. Ndipo mudzafuna kuwoloka ndithu, chifukwa kumapeto a chaka madzi amakhala atachepa mbali ya Zambia, pamene mbali ya Zimbabwe amagwa chaka chonse. Wina akanena kuti tikaonenso njovu ku Chobe kudzera pa mlatho wa Kazungula, ndiye kuti pula ya Botswana yalowanso m'kaundula wanu.

Tiyerekeze motere. Mnzanu wa ku Leeds walipira malo ogona $600 ndi khadi yake, popeza makhadi athu a kuno nthawi zina amakana kapena amakhala ndi malire ochepa. Aliyense ali ndi ngongole ya $100 kwa iye. Mumubwezera makwacha angati? Chichokereni pamene kwacha yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa kubanki wakhala nthawi yaitali cha m'ma K1,750 pa dola, koma aliyense akudziwa kuti madola kubanki amasowa, ndipo mu 2025 mtengo wa pamsewu unaposa kawiri pamenepo. Inu mukamupatsa K175,000 mudzati mwamaliza. Iye adzati ndalama imeneyi singamubwezere $100 yake kulikonse. Nonse mudzakhala mukunena zoona, ndipo mikangano yotere ndi imene sitha msanga.

Maganizo anga ndi akuti ngongole izikhala m'ndalama imene inalipiridwa. Walipira madola, abwezeredwe madola. Ngati zimenezo n'zovuta, njira yabwino koposa ndi yakuti wa ku Leeds uja asasonkhe m'thumba la gulu kufikira ngongole yake itakwana, inu anayi muzimulipirira basi, chakudya ndi matakisi m'makwacha a ku Zambia. Dola ndi kwacha ya Zambia zili ndi mtengo umene aliyense angauone pakhomo la banki ku Livingstone, palibe chotsutsana. Mukatero kwacha ya Malawi siilowa n'komwe m'masamu a pakati panu. Mukaona kuti simungachitire mwina koma kubweza m'makwacha athu, gwirizanani mtengo musananyamuke ndipo ulembedwe pa gulu lanu la WhatsApp, aliyense ayankhe kuti wavomera. Kungoika kachithunzi ka chala chachikulu sikukwanira, alembe mawu.

Tsopano funso lanu lenileni, kusonkha kapena ayi. Sonkhani, koma osati zonse. M'thumba la gulu mulowe zokhazo zimene anthu onse 6 adzagwiritse ntchito mofanana: malo ogona, galimoto yokuyendetsani, ndalama yolowera ku Mosi-oa-Tunya National Park komwe kuli mathithiwo mbali ya Zambia, madzi akumwa, ndi zogula kumsika ngati mwapeza nyumba yoti muziphika nokha. Nyumba yotere ndimailimbikitsa kwambiri, chifukwa ufa, mazira ndi ndiwo zamasamba sizivuta kupeza ku Livingstone, ndipo chakudya cham'mawa chophika nokha chimachotsa bilu imodzi yokanganirana tsiku lililonse. Pa chipata cha mathithi onetsani mapasipoti, poti mitengo imasiyana malinga ndi dziko limene munthu wachokera. Ngati wa ku Leeds akuyendera pasipoti ya ku Britain ndipo amulipiritsa zambiri, kusiyanako n'kwake.

Zina zonse aliyense aone m'chikwama chake. Wofuna kudumpha pa mlatho uja wa 1905, mamita 111 chingwe chili kumiyendo, alipire yekha. Chimodzimodzi wofuna kukasambira ku Devil's Pool, dziwe la m'mphepete mwenimweni mwa mathithi, kapena kukwera helikopita. Walira mvula walira matope. Ndipo pasakhale wonyogodola mnzake amene wasankha kutsala n'kumajambula ena. Pagulu la anthu omwe anaphunzira kalasi imodzi koma lero wina amalandira mapaundi, wina malipiro a mphunzitsi wa pulayimale, mawu akuti "tiyeni tonse, tikugawana" amapweteka wosauka yekha, ndipo iyeyo ndi amene sadandaula poyera. Amangokhala chete, kenako chaka chamawa amati watanganidwa.

Mowa ukhale pa bilu yakeyake. Muuzeni woperekera zakudya musanayitanitse chilichonse, osati mbale zitatha. Amene samwa asalipirire botolo la vinyo la anzake. Apa sindiwonjezera, mukudziwa kale zimene zinachitika ku Mangochi.

Thumba la gulu likhale ndi anthu awiri, msungichuma ndi mlembi, monga zimakhalira ku banki m'khonde. Wogwira ndalama asakhale yemweyo wolemba. Sindikunena kuti wina ndi wakuba, koma munthu amene watopa ndi basi ya ku Lusaka, kenako makilomita ena pafupifupi 480 kukafika ku Livingstone, amaiwala kuti analipira wonyamula katundu pa siteshoni ya basi ya Intercity ku Lusaka. Ndalama ikasowa popanda cholembedwa, maso onse amapita kwa iye. Mlembi angagwiritse ntchito Splitwise kapena Tricount, mapulogalamu a pafoni omwe amalola kulemba ndalama za mayiko osiyanasiyana n'kuwerengera amene ayenera kubwezera mnzake. Kope la sukulu limagwiranso ntchito bwinobwino, ndipo silifuna intaneti. Chofunika n'chakuti chilichonse chilembedwe tsiku lomwelo, ndi ndalama imene yalipiridwa, ndipo lisiti lijambulidwe n'kuponyedwa pa gulu. Ndalama zenizenizo musaziike m'chikwama chimodzi, zigaweni kwa anthu awiri kapena atatu.

Pali nkhani ina imene anthu amachita nayo manyazi: bwanji wina akasintha maganizo sabata yomaliza? Pa anthu 6 zimachitika, mwina maliro, mwina abwana akaniza tchuthi. Gwirizanani lero kuti ndalama imene yalipiridwa kale ndipo eni malo sangabweze, wotsalayo sayitanitsa, pokhapokha atapeza wolowa m'malo mwake. Ngati ndi maliro mungamuchitire chifundo nonse, koma chikhale chifundo chimene mwasankha, osati mlandu. Pachifukwa chomwechi musalole munthu mmodzi kulipira malo ogona ena asanapereke gawo lawo. Yambani kusonkha mwezi ndi mwezi kuyambira pano, ndipo pitani kubanki msanga ndi pasipoti ndi tikiti kukapempha ndalama zakunja, chifukwa sizipezeka tsiku limene mwazifuna. Malisiti osinthira ndalama muwasunge, angafunike pamalire.

Masamu omaliza muchite usiku womaliza ku Livingstone, nonse muli pamodzi, wa ku Johannesburg ndi wa ku Leeds asanakwere ndege zawo. Mukangobalalika, ngongole ya $30 imafunika kutumizidwa kudutsa malire, ndipo ndalama yotumizira imadya gawo lake. Zotsala m'thumba mugawane pomwepo. Makwacha a ku Zambia apatsidwe kwa inu anayi obwerera pamsewu, mudzagulire chakudya pa Luangwa ndi ku Chipata, ndipo awiri enawo atenge gawo lawo m'madola.