Mwana woloweza mavesi koma wabodza

Imelo ya mayi wina yandisowetsa tulo sabata ino. Akuti mwana wawo wa zaka 12 ndi katswiri poloweza mavesi, ku Sande sukulu mphoto zimangogwera iye, koma kunyumba amanama maso ali gwa, ndipo mng'ono wake sapuma naye. Funso lawo n'lakuti, "Nanga kuphunzitsa konseku phindu lake n'chiyani?"

Mayi, mwana mukunenayo ndinali ine.

Ndili wa msinkhu womwewo ndinathyola eriyo ya wailesi ya bambo anga. Ndinangoibwezera bwinobwino pamalo pake kuti izioneka ngati yolumikizika, n'kutuluka. Madzulo bambo ataigwira inawatsalira m'manja. Atafunsa, ine ndinati ndinaona mlongo wanga wamng'ono akuiseweretsa. Anali ndi zaka 6, sakanatha n'kudziteteza komwe. Anakwapulidwa ine ndikuona, ndipo polira sankayang'ana bambo ayi, ankayang'ana ine. Lamulungu lotsatira ndinaimirira kutsogolo kwa tchalitchi, malaya ositasita, n'kulakatula malamulo khumi osaphonya liwu. Pa "Usamnamizire mnzako" mawu anga sananjenjemere n'komwe. Anthu anawomba m'manja, bambo ananyadira.

Lamulo limeneli ena amaliwerenga lachisanu ndi chinayi, pamene Akatolika ndi a Lutheran amati ndi lachisanu ndi chitatu. Ndili mnyamata ndikanatha kukangana nanu za zimenezi mpaka dzuwa kulowa, ndipo ndikanakupambanani. Kudziwa nambala ya lamulo ndinkakudziwa. Kuti mlongo wanga ndiye "mnzako" wotchulidwamo, zimenezo sizinandifike m'mutu.

Matenda amenewa si atsopano. Paulo anasiya Timoteo ku Efeso chifukwa kunali aphunzitsi otanganidwa ndi nthano ndi mindandanda ya mayina a makolo yosatha, zinthu zongobala mikangano. Ndiye pa 1 Timoteo 1:5 akunena poyera kuti cholinga cha chiphunzitso ndi chikondi, chochokera mumtima woyera, m'chikumbumtima chabwino ndi m'chikhulupiriro chopanda chinyengo. Liwu lachigiriki limene anagwiritsa ntchito ndi telos, kutanthauza kumene ulendo ukukathera. Choncho vesi ndi msewu, kofikira ndi chikondi. Ife tinamanga nyumba pamsewupo n'kumapatsana mphoto.

Apa ndiye ndikwiyitsa aphunzitsi anzanga, chifukwa inenso ndaphunzitsapo ana. Timakonda kuloweza chifukwa n'kosavuta kuchonga. Mwana akatchula Yohane 3:16 umalemba 10 pa 10, makolo amasangalala, iwenso umaoneka wolimbikira. Koma chikumbumtima ungachichonge bwanji? Katekisimu wa Heidelberg wa 1563 ali ndi mafunso 129, Katekisimu wamfupi wa Westminster ali ndi 107, ndipo munthu akhoza kuyankha onsewo molondola ali ndi mtima wouma gwa. Sindikunyoza makatekisimu ayi. Wa Heidelberg uja amayamba ndi kufunsa za chitonthozo chako m'moyo ndi mu imfa, funso lolasa mtima ndithu. Ndife amene tinalisandutsa funso la mayeso. Ndinene mosabisa: kuphunzitsa mwana Mawu n'kumamuyamikira pa kuloweza kokha n'koopsa kuposa kusamuphunzitsa, chifukwa amazolowera kunena zoyera mumtima muli zii. Paulo yemweyo pa 1 Timoteo 4:2 akunena za anthu amene chikumbumtima chawo chinapserezedwa ngati ndi chitsulo chamoto. Chipsera sichimva kuwawa. Ine changa chinali chitayamba kupsa ndili ndi zaka 12, ndili ndi Baibulo la mphoto m'manja.

Liwu loti chikumbumtima ine ndimalimva ngati chinthu chokumba mumtima, ndipo chinandikumbadi, ngakhale mochedwa. Anandithandiza ndi agogo anga aakazi, amene kuwerenga kunkawavuta. Tsiku lina tili awiri anangoti, "Iwe, mavesi uli nawo ambiri. Nanga mlongo wako bwanji amakuthawa?" Sanandilalikire, anangopitiriza zimene ankachita. Funso limenelo linandikhala pakhosi zaka zambiri, ndipo ndinakapepesa kwa mlongo wanga tonse tili akuluakulu. Anati ankakumbukira zonse, mpaka mtundu wa wailesiyo. Timoteo nayenso chikhulupiriro chake chosanyenga chinayamba mwa agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike, osati pa mpikisano.

Ndiye mutani, mayi?

Musamuletse kuloweza. Mavesi amene ndinaloweza mwachinyengo aja ndi omwewo amene anadzandigwira pambuyo pake. Koma akabwera ndi vesi latsopano, m'funseni kuti m'nyumba muno likukhudza ndani, amutchule dzina. Tsiku limene adzaulule yekha cholakwa, mumuyamikire kuposa tsiku la mphoto, ndipo chilango chichepeko kuti aone kuti choonadi sichipha. Inunso mukamulakwira, mupepeseni mng'ono wake akumva. Ndipo wamng'onoyo akadzanena kuti "si ine", mudikire kaye musanatenge mkwapulo.