Mabuku a mwanayo musawataye, imvani kaye zimene zinandichitikira

Mayi wina wandilembera imelo kuti mwana wake wamwamuna wazaka 5 wamuuza kuti akazi sayendetsa ndege, ndipo atatsegula mabuku ake apeza amayi onse ali kukhitchini. Akufunsa ngati awataye.

Mayi, funso lanuli landilasa chifukwa ineyo anandigwira ndi mwana wanga yemwe. Usiku wina ndikumuwerengera kabuku ka chimbalangondo chokonza galimoto ndinangoti "ndiye bambo chimbalangondo anatenga sipanala", iye pompo kundidula, "amama, mwadziwa bwanji kuti ndi bambo?" Kuyang'ana chithunzi, tayi palibe, ndevu palibe, kanyama chabe katagwira sipanala. Nanga chiyankhulo chathuchi si "iye" ndi "iye" basi, sichisankha mwamuna kapena mkazi, ndiye kuti bamboyo ndinabwera naye ndekha kuchokera m'mutu mwangamu, ine yemwe ndimakalipira anthu pa Facebook za nkhani zomwezi. Manyazi ake eeh.

Si ine ndekha ayi. Mu 2011 wofufuza wina dzina lake Janice McCabe ndi anzake anaunika mabuku a ana 5,618 osindikizidwa ku America kuyambira 1900 mpaka 2000, anapeza kuti mwini nkhani anali wamwamuna m'mabuku 57 pa 100 alionse, wamkazi 31 okha. Pa zinyama ndiye zinanyanya, zazimuna zinali eni nkhani m'mabuku 23 pa 100 alionse, zazikazi 7.5. Ndipo taonani mmene amajambulira, kanyama kuti kadziwike kuti n'kakakazi mpaka akamange riboni kapena kukaveka epuloni, kopanda kalikonse tonse timangoti ndi kamuna.

Komatu ndinene, mabuku ena atsopanowa amanditopetsanso. Tsamba lililonse ulaliki wakuti atsikana angathe chilichonse, nkhani yeniyeni mulibe, mwana amayasamula tsamba lachitatu lisanakwane. Ena amaika mwana wa pa njinga ya olumala pakona pa chithunzi, sayankhula, alibe dzina, angoti tamuikamo. Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti anyamata tawaiwala. Mtsikana wokwera mumtengo tsopano amapezeka, koma mnyamata wolira popanda womuseka, kapena bambo akusambitsa khanda osagwetsa sopo ngati chitsiru, kasakeni muone ngati simutuluka thukuta. Mwana wanuyo akuphunziranso zimene iyeyo saloledwa kukhala.

Ndiye mutani?

Musataye, makamaka amene amawakonda, mungodana naye. Powerenga muzimufunsa kuti amayiwa akachoka kukhitchiniko amapita kuti, kapena kanyamaka ndi kamuna chifukwa chiyani. Muonetseni chithunzi cha Amelia Earhart amene anawoloka nyanja ya Atlantic yekha pa ndege mu 1932. Pogula latsopano yang'anani amene akuchita zinthu ndi amene akungoonerera. Kwathu kuno chimbalangondo chija pano ndi anti, ndipo ndikalakwitsa amandibwezera tsamba loyamba.