Ndalama ungatumize pa foni koma pamkeka ukakhale wekha

Adzukulu anga, mafunso anu andipeza. Ndiyamba ndi la mtsikana wina wa kumtunda ku Thyolo amene banja lamutsitsira kuno ku Nchalo chaka chathachi. Akuti apongozi ake aakazi amulowetsa m'gulu la amayi a m'mudzimo, amakumana Lachitatu masana, ali ndi banki m'khonde, amazonda odwala, amaphika pa maliro ndi pa maukwati. Iye banki akuifuna koma zinazo ayi. Mawu ake ndi awa: "agogo, kukhala pansi pa mtengo maola awiri ndi dzuwa la kunoli, nkhani zake zomwezomwezo, bwanji ndizingotumiza masheya anga pa Mpamba kwa asungichuma basi, ndalakwa?"

Mkazi mnzanga, kufunsa sunalakwe, safunsa anadya phula. Koma yankho langa ndi loti uzipita. Dzuwalo ndikulidziwa, Okutobala wa kuchigwa kuno madigiri amadutsa 40, olo mbuzi imafuna pobisala, nde iwe wozolowera kamphepo ka m'minda ya tiyi ndikukumvetsa ndithu. Tenga botolo la madzi, khala mbali ya mthunzi, koma khalapo.

Uone kaye mmene bokosi lija analikonzera. Lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi amayi atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi olo imodzi. Owerenga ndalama amakhala awiri, amawerenga mokweza aliyense akumva, mlembi akudinda sitampa m'pasibuku iwe ukuona, potseka amalengeza zomwe zatsala kuti sabata yamawa wina aliyense akafunsidwa anene. Nzeru imeneyi inayambira kutali ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, pakati pa amayi omwe ambiri sankatha kulemba, ndipo anthu amenewo ankadziwa kuti kumudzi kulibe mlonda wa mfuti, kulibe kompyuta, chotetezera ndalama ndi maso a anthu okhala pamkeka. Nchifukwa chake gulu silichuluka, anthu 15 mpaka 25 basi, kuti aliyense azimuona mnzake kumaso. Ukachotsapo maso ako wachotsa loko imodzi. Mukatero anthu ambiri, bokosi langotsala ndi atatu a makiyi aja.

Ndiye za pa fonizo. Ndalama yako ikalowa pa nambala ya asungichuma imakasakanikirana ndi yawo ya geni ya tomato, ndi yomwe mwana wawo watumiza kuchokera ku Joni. Mayiyo si wakuba ayi, koma usiku wina mwana watentha thupi, kabaza wa njinga yamoto akufuna zake kuti akafike kuchipatala, atapako poti Lachitatu ndibweza, Lachitatu lafika sanabweze, mwezi watha, nde Disembala pogawana mpamene mumayamba kulozana zala anthu opemphera mpingo umodzi. Magulu ambiri amene ndawaona akugwa anagwa chonchi, panalibe mbava yothyola chitseko. Ngati gulu lonse lagwirizana zosunga pa Mpamba kapena Airtel Money poopa akuba, zimenezo nzabwino, koma ikhale nambala ya gulu, ndipo meseji iziwerengedwa pamaso pa onse tsiku la msonkhano. Ukadwala kapena uli pa ulendo, tuma mnzako wa m'gulu momwemo ndi uthenga wopepesa. Kamodzi kawiri palibe angakudandaule.

Komanso tsiku lina udzafuna ngongole, paja amaloleza kubwereka mpaka katatu ka zomwe wasunga. Ovomereza ndi omwe aja ukuwathawawa. Sadzakufunsa chikole cha nyumba, adzangoyang'anana nkufunsana kuti mwana ameneyu timamudziwa? Pamenepo foni sidzakuyankhira.

Tsopano ndifike pa zomwe ukuti zinazo, maliro ndi matenda, chifukwa kwa ine pagona nkhani ndi pamenepa. Magulu sanabwere ndi mabungwe. Ife tikukula kunali nomi, anyamata ndi atsikana kulima m'minda ya anthu pamodzi, malipiro nkusunga, pokolola nkuchita phwando ng'oma usiku wonse. Kunali dima, lero tonse m'munda mwa uje mawa mwa uje, mwini munda wafulula. Bokosi la maloko labwera dzulodzuloli nkudzakhala pamwamba pa chinthu chakale.

Iwe ganiza za pamene uli. Mkazi wa Chimang'anja amene mwamuna anamutsatira pa chikamwini ali pakati pa mbumba yake, mayi ake ali apo, achemwali ake ali apo, akalira kamodzi anthu adzadza bwalo. Koma iwe wakwatiwa kwa Asena, chuma chinaperekedwa, watengedwa kupita kwa mwamuna, abale ako ali kuseri kwa phiri. Zitagwa zovuta pakhomo pako usiku, Mulungu atalikitse, abale akowo asanapeze ya minibasi, asanatsike zitunda za ku Thabwa, pakufunika kale madzi a pa mjigo migolo ingapo, nkhuni, ufa, wina wosinja mapira, wina wokhala nawe m'siwa kukugwira phewa mpaka kuche. Ochita zimenezi ndi amayi a Lachitatu aja. Ndipo amayi amawerenga, osati m'kope ayi, mumtima. Amadziwa amene anabwera ndi kambale ka ufa nkugona pa maliro, amadziwanso amene anangotumiza 2,000 kwacha pa foni iye ali pa fani kunyumba. Pa tsiku lako adzabwera ndithu poti mwambo sulola kusiya maliro, koma adzakhala patali manja ali m'chitenje, akudikira kuti aone ngati foni iphike nsima. Maliro nkulirana mwanawe.

Kuno tilinso ndi mphunzitsi wina amene kwanu simumudziwa bwino, madzi. Januwale wa 2015, Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023, Shire ndi Ruo kukumana nkusandutsa Makhanga nyanja, anthu kukadzadza m'misasa ku Bangula ndi m'masukulu. M'misasa muja amene ankadziwa kuti gogo uje sanaoneke, uje ndi woyembekezera, uje mankhwala ake a tsiku ndi tsiku apita ndi madzi, anali amayi okhalira limodzi pamkeka. Magulu odziwana anakhala pansi nkunena kuti chiwongola dzanja tiyimitse kaye, wina aliyense abweze pang'onopang'ono akakolola kudimba, ndipo anadzukanso. Omwe ankangokumana pa ndalama anabalalika, wina Nsanje wina Mozambique, ngongole nkupita ndi madzi. (Apa ndikumbutse onse, mapasibuku muziwakulunga m'jumbo, ndipo dzinja lisamapeze bokosi litadzaza.)

Za kakhalidwe pa msonkhano sizambiri. Fika nthawi yake, ukachedwa lipira faindi osakangana. Vala chitenje, pereka moni kwa akuluakulu mmodzimmodzi utanjuta, osati moni wa chiponyeponye uli chiimire. Foni ikhale chete. Miyezi yoyamba chepetsa pakamwa, usayambe ndi zoti kwathu ku Thyolo timatere, palibe amakonda mlendo wofika ndi malamulo. Phunzira Chisena pang'ono, ukalandira chikho cha thobwa nkunena kuti takhuta uona mmene nkhope zimasukire. Tsiku la chisangalalo valimba ikalira, amayi akayamba utse, mangira chitenje m'chiuno ulowe m'bwalo olo uphonye sitepe, akuseka tsiku limodzi kenako ndiwe wawo. Chomwe sindifuna kumva ndi choti unaima pambali nkumajambula, makamaka tsiku logawana, ndalama zili pa lichero iwe nkuika pa sitetasi ya WhatsApp. Ukuitanira akuba kunyumba za anzako.

Koma ulemu sikutseka pakamwa pa masamu ayi. Ukaona kuti zomwe alengeza lero zikusiyana ndi za sabata yatha, kweza dzanja, dzera kwa atcheya, nena mofatsa kuti mwina ndine sindinamve bwino, tawerenganinso. Funsa pomwepo pamkeka, osati panjira pobwerera. Poti unafika Fomu 4 sipatenga nthawi akusankha ulembi, usakane, koma ukakhala mlembi usasungenso kiyi, ndipo usalole kuti bokosi litsegulidwe kunyumba kwa munthu gulu palibe, olo akupemphe ndi apongozi ako omwe.

Miseche ilipo, sindikubisira. Pali amayi ena amapita ku gulu ngati kokatola nkhani. Mnzanu akapempha thandizo ku thumba la zamavuto amafotokoza za m'nyumba mwake, mwamuna wathawa, mwana wamangidwa, matenda akuti, zimenezo zimathera pansi pa mtengo pomwepo. Olo mwamuna wako usakamuuze. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsogolera.

Ndisakhale ngati ndikuikira kumbuyo chilichonse, magulu a masiku ano ali ndi matenda awo ndipo pa izi atsikana mukadandaula ndimakhala mbali yanu. Chitenje chofanana pa chochitika chilichonse, ukwati chitenje, bulaido shawa chitenje, kitchini topu apu chitenje ndi pulasitiki pamwamba, mpaka munthu kukongola ku banki kuti agule yunifomu yovina tsiku limodzi. Ayi. Chitenje chimodzi cha gulu chikwana chaka chonse, ndipo ukanena zimenezi mwaulemu upeza theka la gulu limaganiza chomwecho koma limaopa kuyamba. Kwina amakakamiza aliyense kutenga ngongole kuti intelesiti ichuluke, 20 pa 100 iliyonse pamwezi, munthu alibe geni, angodyera ndiwo, mapeto ake anzake omwe akudzamuzula malata. Usatenge ngongole yopanda pokaigwiritsa. Usalowe mabanki atatu nkumatenga uku kubweza uko, walira mvula walira matope. Ndipo usabwerekere munthu wakunja pa dzina lako, kaya ndi mlamu, kaya ndi abusa, kaya ndi bambo akunyumba amene akuti malipiro a kumunda wa nzimbe akatuluka ndibweza. M'kope mwalembedwa iwe.

Mukagawana usazisunge m'chitini. Unaona Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 pa 100, amene anagwira ndalama m'manja anangoona zikusungunuka, amene anagula kambuzi ku msika wa Ngabu kapena malata awiri atatu anaseka.

China chimodzi, poti uli m'gulu la akuluakulu. Ukadzamva ena akukankhira mayi wamasiye ku zakulowa kufa, kapena akukonza zophikira ukwati wa kamtsikana ka ku pulaimale, pamenepo usatsatire gulu. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nazo. Mafumu ambiri kuno analetsa kale zimenezi. Gulu labwino ndi lomwe limakagogoda kwa amfumu kukamutenga mwanayo kubwerera naye kusukulu.

Funso lachiwiri ndi la mnyamata wa ku Bangula, akuti chilowereni m'gulu mkazi wake Lachisanu lililonse nsima imachedwa, ndipo akuganiza kuti kumeneko amakaphunzitsana mwano, amuletse?

Amuna anga, nsima kuchedwa tsiku limodzi pa sabata mpaka kulembera agogo? Mmesa inu mukapita ku bawo kapena kokaonera mpira wa Bullets ndi Wanderers mumabwera nkhuku zitalowa, ndani anakulemberani kalata? Ndikufunseni, fizi ya mwana temu yatha inachokera kuti, mbewu ya kudimba madzi ataphwa anagula ndani? Mwano umene mukunenawo nthawi zambiri umakhala woti mkazi wayamba kufunsa kuti ndalama ya thonje yapita kuti, ndipo limenelo ndi funso labwino, liyankheni. Ngati pali chenicheni chokudandaulitsani, mwina akufika usiku, mwina ngongole zachuluka inu osadziwa, khalani pansi awiri, zikakanika itanani ankhoswe. Koma kukaima pa msonkhano wa amayi nkumakalipa, kapena kumudikirira panjira tsiku logawana kuti akupatseni za kachasu wa masawu, mudzachititsa manyazi mtundu wanu wonse ndipo amayi amenewo sadzaiwala.

Muuzeni akuonetseni pasibuku, mugwirizane limodzi chomwe mudzagule akagawana. Lachisanu likafika tengani ana, sonkhani moto, tsukani makakanawo muteleke, madzi a nsima akhale akuwira. Palibe mwamuna anathothoka ndevu chifukwa chogwira mthiko.