Kwa mchemwali amene wapeza 575 pa GMAT ndipo akufuna Masters in Finance kunja

Achemwali, mwafunsa ngati kuli kwanzeru kutumiza mafomu ofunsira malo a Masters in Finance (digiri yachiwiri ya zachuma) ku mayunivesite akunja pomwe mwapeza 575 pa GMAT (mayeso amene masukulu ambiri a zamalonda amagwiritsa ntchito posankha ophunzira), muli ndi digiri ya zachuma ndipo mwagwira ntchito kubanki zaka zitatu. Ine ndikuti tumizani ndithu, koma musanasankhe sukulu ngakhale imodzi, tsegulani lipoti la zotsatira zanu muone malikisi a gawo la masamu paokha, chifukwa nambala imeneyo ndi imene ikuuzeni ngati muyenera kulembanso mayesowa kapena ayi.

Poyamba muonetsetse kuti mukuyerekeza malikisi anu ndi muyeso woyenera. GMAT yakale, imene malikisi ake ankayambira pa 200 kufika pa 800, inasiya kulembedwa kumayambiriro kwa 2024, ndipo imene mwalembayi imayambira pa 205 kufika pa 805. Bungwe la GMAC, lomwe ndi eni mayesowa, limanena kuti 645 ya masiku ano ikufanana ndi 700 yakale. Anthu ambiri amene anaphunzira zaka zapitazo amatchulabe manambala akale akamalangiza anzawo, motero munthu amataya mtima kuposa mmene ziyenera kukhalira. Komabe sindikunamizani: 575 ndi yochepa ku London School of Economics, ku London Business School, ku HEC Paris, ku yunivesite ya MIT ya ku America kapena pa MSc in Financial Economics ya ku Oxford, kumene ofunsira malo ndi ochuluka ndipo ambiri mwa iwo amabwera ndi malikisi apamwamba kwambiri.

Mayesowa ali ndi magawo atatu a mphindi 45 lililonse, omwe ndi Quantitative Reasoning (masamu), Verbal Reasoning (Chingerezi) ndi Data Insights (kuunika manambala ndi magirafu), ndipo gawo lililonse lili ndi malikisi ake kuyambira 60 mpaka 90. Amene amasankha ophunzira a Masters in Finance ali ndi nkhawa imodzi yaikulu, yakuti munthu angakalephere teremu yoyamba pamene maphunziro a statistics, econometrics ndi kuwerengera mitengo ya masheya ndi mabondi afika pa masamu ovuta. Ngati masamu ndi Data Insights munakhoza bwino ndipo chinakugwetsani ndi gawo la Chingerezi, vuto lanu ndi laling'ono, poti zotsatira zabwino za mayeso a Chingerezi a IELTS pamodzi ndi kalata yofunsira malo yolembedwa mwaluso zingathe kuphimba mpata umenewo. Koma ngati masamuwo ndi amene ali pansi, ndikukulangizani kulembanso, chifukwa kalata yokoma motani singachotse nkhawa imeneyi.

Malamulo amalola kulembanso pakapita masiku 16, mpaka kasanu pa miyezi 12, koma musathamangire. Ulendo uliwonse umadya madola oposa 200, ndipo tonse tikudziwa kuvuta kwa ndalama zakunja kumabanki athu. Dzipatseni miyezi iwiri kapena itatu, mulembe m'kabuku funso lililonse limene mwalakwa ndi chifukwa chake, ndipo mulipire tsiku la mayeso pokhapokha mayeso oyeserera a GMAC akusonyeza mobwerezabwereza kuti mwakwera. Ubwino wa dongosolo latsopanoli ndi wakuti mumaona malikisi kaye musanasankhe kotumiza, choncho 575 ija palibe amene angaione ngati inu simunaitumize. Yesaninso mayeso oyeserera aulere a GRE, omwe ndi mayeso ena amene masukulu ambiri a zachuma amawalandira m'malo mwa GMAT. Pa GRE amalola kakyuleta m'gawo la masamu, zomwe GMAT silola m'gawo lake la masamu, ngakhale kuti GRE imafuna kudziwa mawu ambiri ozama a Chingerezi. Pali anthu amene mtundu umodzi wa mafunso umawayanja kuposa unzake, ndipo mungadziwe zimenezi madzulo amodzi osalipira kanthu.

Umboni wa masamu sikuti umachokera ku GMAT kokha. Ngati munakhoza bwino masamu ndi statistics pa digiri yanu, tchulani maphunzirowo ndi malikisi ake m'kalata yanu, osayembekeza kuti wowerenga akazifufuza yekha. Kukhoza gawo loyamba la CFA (mayeso a akatswiri ounika zachuma) kapena mapepala a ACCA (mayeso a akatswiri owerengera ndalama) kumathandizanso. Pa makalata okuchitirani umboni, ndi bwino kupempha mphunzitsi amene anakuphunzitsani phunziro la masamu ndiponso bwana amene anaonadi ntchito yanu ya tsiku ndi tsiku, kusiyana ndi munthu wa udindo waukulu amene sakudziwani bwino. M'kalata yanu fotokozani ntchito yeniyeni imene munagwira, kaya ndi kuunika ngongole za makampani, kaya ndi kugula ndi kugulitsa ndalama zakunja pa nthawi imene kwacha inkagwa mphamvu, chifukwa mnzanu wongotuluka kumene kukoleji alibe nkhani ngati imeneyo.

Pa masukulu, ikani imodzi kapena ziwiri zapamwamba ngati mtima ukufunadi, koma ambiri akhale amene safuna GMAT n'komwe. Mayunivesite ambiri a ku Britain, monga Strathclyde ndi Glasgow ku Scotland, amayang'ana kwambiri digiri yoyamba, ndipo kumeneko simuyenera kutumiza malikisi amene sanakufunseni. Ganiziraninso South Africa, kumene Stellenbosch ndi University of Cape Town amaphunzitsa Masters ya Development Finance, yomwe imagwirizana kwambiri ndi ntchito za kuno kwathu. Kumeneko digiri yanu iyenera kuunikidwa kaye ndi bungwe la SAQA, lomwe limaunika madigiri ochokera kunja kwa dzikolo, ndipo zimenezi zimatenga nthawi. Nkhani ya digiriyi ndiyo anthu ambiri amaiiwala. Yunivesite iliyonse ili ndi mmene imaonera digiri ya ku Malawi, ndipo zingatheke kukanidwa pa chifukwa chimenechi ngakhale GMAT itakhala yabwino. Lemberani ofesi yolandira ophunzira, muwauze digiri yanu, malikisi anu ndi zaka zimene mwagwira ntchito, ndipo muwafunse mwachindunji ngati mukukwanira. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo maofesi amenewa amayankha mafunso otere tsiku lililonse.

Za ndalama muziganizire limodzi ndi za malo, poti kalata yokulandirani yopanda thandizo la fizi sikufikitsani kutali. A Chevening, omwe amapereka thandizo la maphunziro la boma la Britain, safunsa GMAT. Amafuna kuti mukhale mutagwira ntchito zaka ziwiri, musankhe makosi atatu a ku Britain, ndipo mudzabwerere kwanu kwa zaka ziwiri mukamaliza. Zaka zanu zitatu kubanki zikukwanira pamenepo. Mafomu awo amatsegulidwa cha mu Ogasiti ndipo amatsekedwa patangopita miyezi yochepa. Beit Trust nayo imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo palinso thandizo la Commonwealth. Masukulu ambiri amaunika mafomu akangofika, kotero kuti malo ndi ndalama zothandizira zimachepa nthawi ikamapita. Pachifukwa chimenechi musaimitse mafomu onse podikira GMAT yachiwiri: tumizani msanga kumene safuna mayesowa, ndipo masukulu apamwamba aja muwasungire zotsatira zatsopano, bola tsiku lolemba likhale milungu ingapo tsiku lawo lotseka lisanafike.

Mukandiuza malikisi a magawo atatu aja paokhapaokha, mmene munakhozera digiri yanu ndi chaka chimene mukufuna kuyamba, tingathe kuunika limodzi masukulu oyenera kuikidwa pa mndandanda wanu ndi mwezi wabwino wolembanso mayeso.