Nkhondo ya ku Karonga ndi iti?

Achimwene, ndi ya pa 9 September 1914, koma Karonga ili ndi nkhondo ziwiri ndiye anthu amazisakaniza.

Ya 1914 ija Majeremani anachokera ku German East Africa, komwe pano ndi Tanzania, nkudzaukira boma la Karonga pomwe asilikali ambiri a King's African Rifles, gulu la nkhondo la boma la Angerezi, anali atatuluka ndi Captain Barton, ndiye ochepa otsalawo anagwiragwira mpaka anzawo kubwerera nkuwabweza. Amene anafa ambiri mbali zonse ndi ma askari achikuda, ndipo Chilembwe chaka chomwecho analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu athu akufera nkhondo ya eni ake.

Inayo ndi yakale, ya Mlozi wogulitsa akapolo uja amene anamanga linga ku Mpata nkumazunza Angonde. Inayamba 1887 akumenyana ndi a African Lakes Company, kampani ya malonda ya azungu, inatha December 1895 pomwe Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda nthawi imeneyo, anagumula lingalo ndipo Mlozi anapachikidwa.

Ine nditafika kumeneko chinandikhudza ndi manda a asilikali, mayina a azungu alipo olembedwa bwinobwino koma agogo athu ambiri amene anagwa tsiku lomwelo simungawaloze. Mukapita musangothera ku museum kuona mafupa a chinyama chamakedzana chija cha Malawisaurus ayi, chezaninso ndi akuluakulu achingonde, ya Mlozi amaifotokoza mwakuya.

Ngati ndi za sukulu kapena mukufufuza wachibale amene anamenya nawo, funsani akatswiri a mbiri yakale ku museum konko kapena ku National Archives ku Zomba, makamaka pa chiwerengero cha omwe anafa.