Kodi chiwindi akachidula chimameranso?

Mayi wina wa ku Chilomoni watilembera pa imelo. Amuna awo awapeza ndi chotupa m'chiwindi, ndipo madokotala akuti adule mbali ina. Funso lawo nali: "Ndamva kuti chiwindi chimameranso. Nanga bwanji achimwene anga omwe ankamwa kachasu anauzidwa kuti chawo chauma, sichidzabwereranso mwakale?"

Mayi, zonse ziwiri n'zoona, ndipo nkhani yagona pa mmene mbali yotsalayo ilili.

Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi makilogalamu 1.5. Chikakhala chabwinobwino, madokotala akhoza kuchotsako mpaka magawo 70 pa 100, munthu n'kuchira. Mu 1931, Higgins ndi Anderson anadula magawo awiri mwa atatu a chiwindi cha makoswe, ndipo masabata awiri asanathe chinali chitabwerera pa kulemera kwake. Kwa munthu chimakula mofulumira masabata oyambirira, kenako pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo.

Komatu musaganize za mchira wa buluzi. Mbali yodulidwa simera pomwe inali. Yotsalayo ndiyo imakula kufikira msinkhu woyenerana ndi thupi, maonekedwe ake n'kusintha. Kathumba ka ndulu kakachotsedwa, kapitiratu.

Magazi ochokera m'matumbo amalowa m'chiwindi kudzera mumtsempha waukulu wa portal vein. Opaleshoni ikatha, magazi omwewo amapanikizana m'kachidutswa kochepa. Maola ochepa chabe, maselo olondera otchedwa Kupffer amatulutsa timadzi ta TNF ndi IL-6, tomwe timadzutsa maselo enieni a chiwindi, omwe masiku onse sagawikana kawirikawiri. Kenako timadzi tina ta HGF ndi EGF timawakankha kuti agawikane. Selo lililonse likagawikana kamodzi kapena kawiri, basi zakwana. Timitsempha ta magazi ndi tinjira ta ndulu timatsatira m'mbuyo. Msinkhu ukakwana, timadzi ta TGF-beta ndi tinzake timaimitsa kukulako. Chondichititsa chidwi n'chakuti nthawi yonseyi chiwindi sichipuma: chikupanga ndulu, chikusunga shuga, chikusefa poizoni.

Pamene pali ngozi ndi sabata yoyamba. Chotsala chikachepetsa, ntchito imachikulira: maso amachita chikasu, magazi saundana msanga, m'mimba mumadzaza madzi, mutu umasokonezeka. N'chifukwa chake madokotala amafuna kusiya magawo 25 kapena 30 pa 100 ngati chiwindi chili chabwino, koma osachepera 40 ngati chili ndi zipsera. Shuga ndi mchere wa phosphate zimatsikanso m'magazi masiku amenewa, choncho musadabwe akamawatenga magazi pafupipafupi. Mukakumana ndi dokotala, funsani mosaopa: chitsala chochuluka bwanji, nanga chotsalacho chili bwino?

Za achimwene anuwo. Mpeni umadula kamodzi n'kusiya mnofu wabwino, pomwe mowa umavulaza tsiku ndi tsiku kwa zaka. Chiwindi chikamapwetekedwa chisanapole, maselo otchedwa stellate amayamba kuyala ulusi wolimba wa collagen. Maselo atsopano amabadwabe, koma amatsekeredwa m'timibulu tozingidwa ndi zipsera, magazi n'kumavutika kudutsa. Kumeneku ndiko kuuma kuja, cirrhosis. Mafuta odzaza m'chiwindi chifukwa cha mowa amatha munthu akaleka kwa masabata angapo, koma zipsera zokhwima sizichoka zonse. Ngakhale zili choncho asiye ndithu, chifukwa kusiya kumaletsa matenda kupitirira ndipo kumatalikitsa moyo.

Si mowa wokha. Kuno kwathu kachilombo ka hepatitis B, likodzo la m'matumbo ndi poizoni wa aflatoxin wa m'chuku cha mtedza ndi chimanga zimawononganso chiwindi mwakachetechete. Katemera wa hepatitis B anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002, ndiye amene munabadwa chaka chimenecho chisanafike pitani mukayezetse, ku Gulupu kapena chipatala chilichonse chomwe amayeza. Amuna anu akapezeka nako kachilomboka, inu ndi ana muyezedwenso. Mankhwala a tenofovir amakafooketsa.

Akatuluka m'chipatala, mowa ayi. Azidya nyemba, mazira, usipa, pakuti maselo atsopano amamangidwa ndi zakudya zomanga thupi. Mtedza wachuku tayani, kukazinga sikuthetsa poizoniyo. Panado munthu wabwinobwino asapitirire mapiritsi 8 a 500 mg pa maola 24, koma amuna anu dokotala ndiye awauze mlingo wawo. Ndipo mabotolo a zitsamba "zotsuka chiwindi" ogulitsidwa m'misika musawapatse, chifukwa chilichonse chomwe amwa chimakadutsa m'kachidutswa komwe kakuchirako.